Mafuwa Atatu a Kompyuta ya Magemu

Anzanga, chiyambireni teremu ino funso lomwe ndafunsidwa kwambiri pa buleki si la Masamu kapena la Bayoloje ayi. Ndi lakuti, "Aise, kompyuta ya achimwene ako ija munaigula zingati, nanga bwanji siisitaka?" Ena mwafika ponena kuti mukangolemba JCE mugwira maganyu kuti mugule yanu. Ndiye ndati m'malo moyankha mmodzimmodzi, ndilembe pabolodi pano aliyense adziwerengere. Mtengo wake sindiulemba, chifukwa mitengo ya katundu wochokera kunja siikhala pamodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi lokha, ndipo amene anafunsa mtengo dzulo lake anaupeza wina mawa lake. Chimene ndilembe ndi mmene tinagawira ndalamayo, pakuti nkhani yagona pamenepo.

Poyamba mudziwe kumene ndalamayo inachokera. Achimwene anga anapalasa kabaza m'tauni ya Balaka zaka ziwiri, dzuwa ndi mvula, akusunga pang'onopang'ono. Itaperewera, mayi anagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba atatu a nandolo n'kuwonjezera. Popereka anangonena mawu awa: "Ndalama iyi ikalowa m'madzi, za feteleza chaka chino tiiwale." Anagwirizananso kuti makope anga, nsapato ndi matayala a njinga yomwe ndimabwerera kusukulu kuno zizichokera m'bizinesi yomweyo. Ndiye kwa inu ndi magemu, koma kwathu ndi nsima.

Ambiri otsegula malo a magemu amagula PlayStation. Achimwene anasankha kompyuta chifukwa imagwira ntchito ziwiri. M'mawa ana ali kusukulu, iwo amataipira anthu makalata ndi kuwaikira nyimbo m'mamemore khadi, ndipo madzulo ndi kumapeto kwa sabata anyamata amamenya mpira wa pasikirini. Ine ntchito yanga inali yofufuza. Usiku ndinkabwereka foni yawo, kugula kabandulo, kuwerenga n'kumalemba kumapeto kwa kope la Agriculture.

Loweruka lina tinanyamuka kwathu kufupi ndi Ulongwe, kudutsa pa Mangochi Turn-off, kuwoloka Shire pabaraji mpaka ku Liwonde. Kumeneko tinaona makompyuta atatu omangamanga kale, onse ogwiritsidwapo ntchito kunja. Yoyamba inali yokongola zedi, yagalasi m'mbali, mafani akuyaka ofiira ndi obiriwira, pamwamba atamata pepala lolembedwa kuti "Core i7, 16GB RAM, 4GB graphics". Mtengo wake unali ndalama yathu yonse, osatsala ngakhale ya minibasi. Yachiwiri inali kabokosi kakuda kopyapyala, ka mtundu uja mumauona m'mabanki ndi m'maofesi a boma: Core i5-6500, RAM ya 8GB, hadi disiki ya 500GB, yopanda graphics card. Yachitatu inali yotchipa kwambiri, ya Core 2 Duo, mbadwo wa mapurosesa womwe unayamba mu 2006, ine ndisanabadwe. Imeneyo tinangoipatsa moni n'kudutsa.

Achimwene mtima unali utapita kale pa yoyaka ija. Koma tisanapereke ndalama tinapita kwa bambo wina wokonza mafoni ndi makompyuta, mnzawo wa amalume, poti safunsa anadya phula. Bamboyo atamva nkhani yathu anaseka n'kufunsa kuti, "Kwanu mumaphika pa mafuwa angati?" Tinati atatu. "Nanga limodzi likakhala lalitali ngati chulu, lina lalifupi ngati dzira, mphika ukhala?" Anati kompyuta ya magemu nayo imakhala pa mafuwa atatu: purosesa, graphics card ndi RAM. Liwiro lake limatsatira fuwa lalifupi, osati lalitali. Zomwe anatiuza ndinakazitsimikiza powerenga, ndipo ndi izi.

Fuwa loyamba ndi purosesa, yomwe imawerengera zonse zochitika m'gemu: mpira uli pati, wosewera aliyense athamangire kuti, wagwetsedwa ndani. Msampha wake uli pa dzina. Anthu timangomva kuti i7 n'kuganiza kuti ndiye mfumu, i3 ndi kapolo. Koma yang'anani nambala yomwe ili kutsogolo kwa kamzere. Ya m'bokosi loyaka lija inali i7-2600. Nambala 2 yoyambirirayo ikutanthauza mbadwo wachiwiri, wa chaka cha 2011. Pamene i5-6500 ndi mbadwo wachisanu ndi chimodzi, wa 2015. Ndipo i3-10100 ya mu 2020, ngakhale dzina lake ndi laling'ono, imaisiya kutali i7 yakaleyo. Zili ngati kufunsa kuti wathamanga ndani pakati pa mkulu wa asilikali wopuma ntchito ndi mnyamata wongolowa kumene usilikali. Udindo ndi wa mkuluyo, koma miyendo ndi ya mnyamata.

Fuwa lachiwiri, lomwe pa magemu ndiye lalikulu, ndi graphics card, khadi yojambula zithunzi zomwe mumaona pasikirini. Gemu ndi zithunzi zambirimbiri zosinthana mwachangu. Zikamasinthana ka 60 pa sekondi imodzi, wosewera amathamanga bwinobwino. Zikakhala 30 zimapiririka. Zikatsika kufika 15, mumadina kuti amenye, iye n'kumenya mpira utapita kale, kasitomala n'kuyamba kuitanitsa ndalama yake. Apa msampha uli pa ma GB. Khadi ya m'bokosi loyaka inali GT 730 ya 4GB. Ma GB amenewo ndi kukula kwa nkhokwe chabe, osati mphamvu ya mlimi. GTX 1050 Ti, yomwe inatuluka mu 2016, nayo ndi ya 4GB, koma mphamvu zake n'zoposa GT 730 kangapo konse. Chenjeraninso ndi GT 1030: ilipo mitundu iwiri, ya GDDR5 ndi ya DDR4, dzina limodzi, koma ya DDR4 imatsalira kutali. Funsani dzina lonse la khadi, osangomva kuti "ili ndi 4GB".

Fuwa lachitatu ndi RAM, yomwe ili ngati desiki la m'kalasi pomwe umayalapo mabuku omwe ukuwagwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Desiki likachepa umavutika, koma likakula kuposa mabuku ako silikuwonjezera nzeru. Magemu omwe anyamata akwathu amakonda, monga PES 2017, GTA V ndi Need for Speed, amakwana bwino mu 8GB. Ndiye 16GB ya m'bokosi loyaka ija inali desiki la ahedi loperekedwa kwa mwana wa Sitandade 1. Chinanso, timitengo tiwiri ta 4GB timayenda bwino kuposa kamodzi ka 8GB, chifukwa purosesa imatunga mbali ziwiri nthawi imodzi. RAM ndi yosavutanso kuwonjezera mtsogolo, bola mugule ya mtundu wake, pakuti DDR3 siilowa pa malo a DDR4.

Mwaona tsono kuti bokosi loyaka linali ndi fuwa limodzi lalitali mopanda ntchito, lina lokalamba, lina lalifupi zedi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma musathamange kunena kuti kabokosi ka muofesi kanali kabwino kale. Pakokha sikakanatha magemu, chifukwa kanalibe khadi. Ubwino wake unali woti mtengo wake unatisiyira ndalama yogulira khadi yabwino.

Apa panalinso mfundo ina yomwe ambiri saiganiza: moto wa pansi pa mphika, ndiye kuti power supply. Timabokosi ta muofesi topyapyala timakhala ndi power supply yaing'ono, ya mawati 200 ndi pang'ono kapena kucheperapo, ndipo nthawi zambiri ilibe chingwe chapadera chodyetsera khadi yaikulu. Pomwe pamalowa khadi pa bolodi pamapereka mawati osaposa 75. Ndiye khadi yoyenera ndi yomwe imakhuta ndi mawati 75 omwewo, komanso yaifupi, ya low profile, kuti chivindikiro chitsekeke. GTX 1050 Ti ilipo ya mtundu umenewo, ndipo bambo uja anatipezera yogwiritsidwapo ntchito kuchokera ku Blantyre patapita sabata ziwiri. Mukagula khadi yaikulu yodya mawati 150 muli ndi kabokosi kotere, mwagula ng'ombe musanamange khola.

Tinagulanso SSD ya 256GB n'kuikamo Windows ndi magemu awiri omenyedwa kwambiri, nyimbo ndi zina zonse n'kuzisiya mu hadi disiki yakale. SSD siiwonjezera zithunzi pa sekondi ayi. Ntchito yake ndi kufupikitsa kudikira, poyatsa kompyuta ndi potsegula gemu. Kwa munthu wosewera kunyumba zimenezi n'zongosangalatsa, koma kwa wolipiritsa pa gemu iliyonse, mphindi zodikira ndi ndalama yotayika.

Kenako pali zinthu za kunja kwa bokosi, zomwe wogulitsa sakukumbutsa. Mapadi awiri, poti mpira samenya ndi kiyibodi. Sikirini: ife tinabwereka TV ya amalume yokhala ndi polowera HDMI. Ndiyeno magetsi. Nonse mukukumbuka mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi akathima n'kubwera mwadzidzidzi amatha kupsereza zipangizo, ndiye tinagula gadi ngati ya firiji, yomwe imadikira kaye magetsi akhazikike isanawalole kulowa. Amene mukuganiza zogwiritsa ntchito sola ya kunyumba yoyatsira mababu atatu ndi kutchajira foni, iwalani: kompyuta yotere pamodzi ndi TV imatha kudya mawati 150 kapena kuposa ikakhala pa gemu. Musaiwalenso kutentha kwa kuno m'chigwa cha Shire mu Okutobala ndi Novembala, ndi fumbi la m'mbali mwa msewu. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. N'chifukwa chake bokosi lathu limakhala patebulo osati pansi, ndipo Lamlungu lililonse ndimalitsegula, litazimitsidwa, n'kupemerera fumbi ndi pampu ya njinga.

Tikaigawa ndalama yonse m'magawo khumi, inayenda chonchi: anayi kabokosi, atatu khadi, limodzi SSD, limodzi mapadi ndi gadi, ndipo limodzi tinasunga osakhudza. Lomalizali achimwene ankafuna kugulira sipika, koma mayi anakana. Patangotha miyezi iwiri padi imodzi inafa batani, poti anyamata ena amadina ngati akusinja chimanga, ndipo ndalama yosungidwa ija ndi yomwe inagula ina tsiku lomwelo.

Pali zomwe tinalolera kutaya, ndipo ndi bwino muzidziwe. Mpira watsopano sitiumenya. EA Sports FC 24, yomwe inalowa m'malo mwa dzina la FIFA mu 2023, imafuna pang'ono penipeni i5-6600K, RAM ya 8GB, GTX 1050 Ti ndi malo okwana 100GB. Ife tili pamzere penipeni, purosesa yathu ili pansi pang'ono, ndipo 100GB pa bandulo ya foni ndi nkhani ina. Windows 11 nayo imafuna purosesa ya Intel kuyambira mbadwo wachisanu ndi chitatu, pamene Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 ngati tsiku losiya kuthandiza Windows 10. Kwa ife si vuto lalikulu poti kompyutayo siikhala pa intaneti, koma amene muli ndi ndalama yokwanira i5-8500 mutenge imeneyo, idzakukhalitsani. Achimwene analinso ndi mfundo yawo yoona, yoti magetsi oyakayaka amakoka makasitomala. Anakagula kachingwe ka timababu ta mitundumitundu pamsika n'kukoloweka pakhomo. Kamakoka anthu chimodzimodzi, pa mtengo wa nkhuku imodzi.

Ndiye amene mukusunga ndalama, yambani ndi funso lakuti mukufuna kumenya gemu iti, kenako fufuzani zomwe gemuyo imafuna, bokosi lizibwera pamapeto. Pogula, musakhulupirire pepala lomatidwa pamwamba. Muuzeni wogulitsa ayatse, inu dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, pitani pa Performance, ndipo muona nokha dzina lenileni la purosesa, kukula kwa RAM ndi dzina la khadi. Pemphani kumenya gemu kwa theka la ola, mumve ngati fani ikulira ngati chigayo kapena kompyuta ikuzima yokha. Mugwirizane masiku obweza ikavuta, ndipo alembe pa lisiti. Wogulitsa wokana zimenezi, musiyeni ndi katundu wake.

Mbuzi imodzi mwa ziwiri zija yabwerera kale m'khola, yachiwiri tikuyembekeza isanafike nthawi yokolola. Amene mukufuna kuona m'kati mwa bokosi, bwerani Lamlungu masana pamene ndikuchotsa fumbi, ndidzakulozerani fuwa lililonse, atsikana ndi anyamata omwe, ulere. Koma wobwera ndi yunifolomu nthawi ya kalasi achimwene samulola kulowa, ngakhale ine mng'ono wawo. Lamulo limenelo anaika ndi mayi, ndipo silikambirana.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2