Zam'mutu nazo zimafika kumwamba

Anzanga amumsika, mwana akati akufuna kuphunzira saikoloje, musafulumire kunena kuti fizi yalowa m'madzi. Wanga wamkazi atasankha zimenezi, achibale anandiseka, ati ndikupsa ndi dzuwa pa kaunjika kulera dokotala wa amisala. Chonsecho iye maso ali pa ntchito ya zamlengalenga.

Taganizani. Valeri Polyakov wa ku Russia anakhala masiku 437 m'chombo cha Mir, kuchokera 1994 mpaka 1995. Ku Moscow amuna 6 anawatsekera masiku 520, mu 2010 ndi 2011, poyeserera ulendo wa ku Mars. Mopanikizana chonchi tulo timasowa, mtima umapsa msanga, kwanu kumakusowa. Ife pa benchi limodzi timayambana dzuwa lisanalowe, nanji chaka chathunthu popanda kothawira!

Nchifukwa chake NASA imalemba akatswiri a zamaganizo. Amathandiza kusankha okwera, kuwaphunzitsa kupirirana, ndi kumacheza nawo akakhala m'mwambamo.

Njira njaitali, zoona. Digiri imodzi sikwanira, ndipo ntchito zotere zili kunja. Koma sizamasewera ayi. Chombo chingalimbe bwanji, mutu wa munthu ukasokonekera, ulendo wathera pomwepo.