Tulo ta Masana ndi Makina Oziziritsa Chipinda

Ife tinakulira ku Chikwawa, choncho tinkaseka Angerezi akamadandaula za kutentha. Pa 19 July 2022, pamene ku Coningsby kunafika madigiri 40.3, kuseka kunatha. Nyumba za kuno anazimanga kuti zizisunga kutentha, ndipo ife osamalira okalamba usiku timagona dzuwa lili paliwombo. Munthu wosagona akhoza kusokoneza mankhwala a gogo wa eni ake.

Pa Gumtree tinapeza makina oziziritsa chipinda ogwiritsidwapo kale ntchito, pa theka la mtengo wa kusitolo. Kaunjika sitichita naye manyazi, ndipo fizi ya mwana wa achemwali kumudzi inali ikudikira. Koma mwini makinawo anakana kuti tiwayatse kwa mphindi 20 kuti timve ngati mpweya ukuziziradi. Paipi yotulutsira mpweya wotentha pawindo nayo panalibe. Gasi akatha m'makina oterewa, kukonzetsa kumadya ndalama zonse zimene munthu amati wapulumutsa.

Tinagula atsopano, okhala ndi galanti ya chaka chimodzi. Fizi inachedwa ndi mwezi wathunthu, ndipo achemwali amatikumbutsabe mpaka lero.