Katondo wa kwathu pansi pa tiasilikali

Nottingham, England

Achimwene,

Uthenga wanu wa mawu uja ndaumvera katatu. Kachitatuko ndinkangomvera za kumbuyo kwanu, thiraki ikufwenthera mabuleki pamzere wa pachipata ndi mayi wina akuitanira manachesi. Kuno ndili bwino, kupatula bondo ndi kuzizira. Ntchito ndi yomwe ija yosamalira okalamba, yausiku.

Mwafunsa kuti masiku opuma ndimatani popeza mowa ndinasiya. Musaseke. Ndimapenta tizidole.

Mzinda uno ndi kwawo kwa kampani ya Games Workshop, imene inayamba ku London mu 1975 n'kutulutsa masewera otchedwa Warhammer mu 1983. Likulu lake lili ku Lenton, kufupi ndi komwe ndimakhala. Mukalowa mupeza amuna a ndevu zawo, ena a imvi, atandanda tiasilikali ta pulasitiki patebulo, kalikonse kotalika ngati masentimita 3: tina anthu, tina ziwanda, tina mafupa oyenda okha. Amayeza mtunda ndi tepi, kuponya madayisi, basi nkhondo yayambika. Anandikokera kumeneko ndi mnzanga wa kuntchito. Masewerawo sanandilowe, bawo ya pansi pa mango paja imafuna mutu kuposa apa. Chinandigwira n'kupenta.

Tizidoleti timabwera totuwa, tili zidutswazidutswa. Umadula, kumata, n'kupopera utoto wakuda kuti winawo ukagwire. Mitundu umaisungunula ndi madzi, kupaka kawiri mopyapyala, chifukwa kamodzi kokhuthala kamafotsera nkhope. Pali utoto wina wamadzimadzi umene umathamangira wokha m'makwinya n'kusiya mthunzi. Pomaliza umapukuta burashi mpaka itsale pang'ono kuuma, n'kupalasa pamwamba kuti m'mphepete muwale. Diso la kachidole silifika ngakhale njere ya mawere, ndipo polipenta ndimayamba ndasiya kupuma. Ndimagula takaunjika, timene eni ake anatopa nato, ndiye alamu asaganize kuti fizi ya ana ikuthera kuno.

Koma gawo londisowetsa tulo ndi la pansi. Kachidole kalikonse kamaima pa kambale kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ndipo mwini wake ndiye amasankha dziko loti kapondepo. Guluu wa matabwa, mchenga, tizibenthu ta chotsekera botolo la vinyo kukhala miyala, tiudzu togula. Anzanga amaika chipale, matope akuda, phulusa. Ine tsiku lina ndinagula kabotolo ka utoto wofiira wotchedwa Martian Ironearth, umene ukamauma umachita ming'alu. Ndinapaka madzulo, ndipo nditauona m'mawa ndinangokhala pansi. Iwo amati ndi dothi la ku Mars. Ine ndinaona katondo wa kuseri kwa khitchini ya amayi mu Okutobala, mvula isanagwe, nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe.

Kuyambira tsiku limenelo gulu langa lonse limaponda kwathu ku Mwanza. Udzu ndimaupenta wa tsekera wouma, pena wopserera ngati padutsa lupsa. Pa kambale kena ndinaumba chulu. Mzungu wina anachitembenuza kangapo n'kufunsa ngati ndi nsanja ya mfiti. Ndinamuyankha kuti kwathu m'menemo mumatuluka ndiwo, ndipo nkhani ya ngumbi inatitengera madzulo onse.

Mukukumbuka ng'ombe zathu zadongo? Yanu inkakhala ya linunda lalikulu, nyanga za minga, ndipo tikaziwombanitsa yanga ndiyo inkathyoka khosi. Titakula pang'ono tinayamba mathiraki a waya, kutengera aja ankabwera pamndandanda kuchokera ku Tete moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Nthawi imeneyo anthu ankawoloka kuchokera ku Zobue, mphasa pamutu, mwana kumbuyo, mbuzi pachingwe, mpaka nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992. Mmodzi mwa iwo, mnyamata uja tinkakhala naye pamodzi m'kalasi, sanaumbepo ng'ombe. Tikamupatsa dongo ankaumba mfuti, n'kuiphwanya isanaume.

Zimenezi anzanga a patebulo sindinawauzepo. Madayisi akanena kuti khumi afa, amangowatola n'kuwabwezera m'bokosi, sabata yamawa adzukanso. Sindiwaweruza, ndi anthu ofatsa, ndipo ndi okhawo mumzinda uno amene anandiitanapo kunyumba kwawo. Kungoti ine ndimapenta, kuponya madayisi ndimasiyira iwo.

Katondo yemweyo munathira pamanda a bambo ine kulibe, ndikuonera pafoni m'kachipinda kosinthira zovala kuntchito. Mapepala akadali osalongosoka, ndiye za kubwera chaka chino ndisakunamizeni.

Ndinaganiza zoti munditumizire dothi m'botolo la mankhwala, koma pabwalo la ndege angalande. M'malo mwake mutume mwana akajambule pansi kuseri kwa khitchini, dzuwa lili paliwombo, osasesa, masamba a mnachesi akhale pomwepo. Ajambulenso pomwe pamagwera madzi a padenga. Utoto ndili nawowu wafiirira kwambiri, wa kwathu umaderako, ndipo ndikufuna ndiusakanize molondola.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti juzi ija ndimavala. Moninso kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu.