Lole ya Asilikari Imene Taisandutsa Nyumba ndi Wailesi

Galimoto ya asilikari siipangidwa kuti munthu akondwere nayo. Mipando yake njouma, injini yake imabangula kotero kuti anthu awiri okhala kutsogolo amachita kukuwirana, ndipo dizilo imamwa mosaumira. Koma imapitirira pamene galimoto zina zibwerera. Ichi ndicho chinatikopa ife, mabanja angapo a mumpingo mwathu pamodzi ndi ana athu, titamva kuti mkulu wina wonyamula matabwa ali kugulitsa lole yake yakale ya mtundu wa Bedford MJ.

Mtundu umenewu unayamba kupangidwa ku England m'chaka cha 1981, potsatira wina wotchedwa MK wa 1970. Gulu lankhondo la Britain linali nazo zambirimbiri. Inapangidwa kuti izinyamula matani 4, ndipo matayala onse anayi amakoka. Asilikari atazileka, zinagulitsidwa kwa anthu wamba, ndipo zina zinaoloka nyanja kufika kuno ku Afrika, kumene zakalambira m'misewu ya fumbi.

Si onse anakondwa poiona itaima pabwalo la tchalitchi ndi utoto wake wobiriwira. Mayi wina wachikulire wa Mvano anafunsa poyera: "Abusa, kodi chinthu cha nkhondo chikufunanji pakhomo pa Mulungu?" Funso lake linali loyenera, pakuti iye anaona ndi maso ake anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992. Abusa anatikumbutsa Yesaya mutu 2, pamene mneneri anena za tsiku limene zida zophera anthu zidzasulidwa kukhala zida za kumunda. Sabata yomweyo tinaipaka utoto woyera.

Mkangano weniweni unali pakati pa ife eni. Makolo tinafuna nyumba yoyenda: mabedi abwino, malo ophikira, kuti tizigonamo popita ku misonkhano ya chitsitsimutso kapena kunyanja. Achinyamata anafuna wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali. Malo kumbuyo kwa lole ngochepa, ndipo ndalama zinali zochepa koposa. Chimene chinathetsa mkangano ndicho namondwe wa Freddy, amene anagwa m'chigawo cha kummwera m'mwezi wa Marichi 2023. Mapiri anagumuka ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, milatho inakokoloka, magetsi anazima, ndipo m'malo ambiri lamya za m'manja zinangoti zii. Mabanja anakhala masiku osadziwa ngati abale awo ali moyo. Titakumbukira masiku amenewo, tinagwirizana kuti wailesi iyambe yapatsidwa malo, mabedi adzalowe m'malo otsala.

Nyumbayo tinaimanga ndi zitsulo zopepuka ndi malata, mkati matabwa. Makaniko wathu anakana kuiwotcherera ku tchesisi. Anatifotokozera kuti tchesisi ya lole yotere imapindika dala poyenda m'maenje, kuti matayala onse akhalebe pansi. Ukamangirirapo nyumba molimba, nyumbayo imang'aluka. Tsono anaikhazika pa mabauti okhala ndi masipuling'i. Mabedi alipo anayi, opindika kukhoma, ndipo kuphika timaphikira panja. Mbaula siilowa m'katimo ngakhale kuzizire bwanji, pakuti mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo.

Za magetsi zinatitengera nthawi. Lole ya asilikari imayendera mavoti 24, mabatire awiri olumikizana, pamene wailesi imafuna mavoti 12 kapena kupitirira pang'ono. Njira yachidule ndiyo kukoka moto ku batire limodzi, koma potero limodzilo limatha msanga, linzake nkumadzala mopitirira, ndipo onse awiri amafa. Tinagula batire lapadera la wailesi, lodzazidwa ndi sola ya padenga. Wailesi ya mawati 100 imakoka pafupifupi ma-ampu 20 pamene munthu ali kulankhula, koma pomvera imadya pang'ono chabe. Mmodzi wa akulu ampingo atamva zimenezi anaseka, nati chimodzimodzi ndi anthu ena m'misonkhano ya seshoni.

Chimene chinatidabwitsa koposa ndicho waya wa mlongoti. Ife tinali kuganiza kuti mlongoti uyenera kutalika ngati nsanja za lamya. Mwana wathu wina wamkazi, amene anaphunzira zimenezi, anatiuza kuti: "Ai bambo, tikafuna kulankhula ndi anthu a dziko lathu lomwe lino, waya akhale m'munsi." Pa mafunde a 7 MHz waya amakhala wotalika pafupifupi mamita 20. Akamangidwa chopingasa, mamita ochepa kuchokera pansi, mau amakwera molunjika kumwamba, nagunda mpweya wina wa kuthambo umene umawabweza pansi monga mvula, pa dera la makilomita mazana angapo. Motero phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ifika mamita 3,002, silingathe kutchinga mau ochokera tsidya lina. Usiku timatsikira pa 3.5 MHz, ndipo pamenepo waya afunika kuwirikiza kutalika kwake. Nsungwi ziwiri ndi mtengo wa mango zikwanira.

Tiyenera kunena momveka za lamulo, chifukwa ambiri amatifunsa. Munthu saloledwa kulankhula pa wailesi yotere popanda chiphaso cha bungwe la MACRA, ndipo wolandira chiphaso amapatsidwa dzina loitanira loyamba ndi 7Q, chizindikiro cha dziko la Malawi. Ena anayembekeza kuti tidzalalikira pa wailesiyi, nakhumudwa pomva kuti nkosaloledwa. Chiphaso chimenechi ncholankhulirana munthu ndi mnzake, osati kuulutsa maulaliki, nyimbo kapena malonda. Ntchito youlutsa Mau iri ndi nyumba zake za wailesi, ndipo tikafika pamudzi timalalikira ndi chimkuzamau monga kale.

Pali khalidwe lina limene wailesi yabweretsa pakati pathu. Pa chipangizo chimenechi anthu awiri sangathe kulankhula nthawi imodzi. Wina akagwira batani, mnzake ayenera kukhala chete kufikira atamaliza. Taona anyamata amene kunyumba amadula mau a makolo awo atakhala duu, pensulo m'manja, kudikira mau ofooka ochokera kutali. Taonanso ife akulu tiri kufunsa ana athu chochita, osachita manyazi.

Chotsala nchachikulu. Wailesi imodzi iri ngati ng'oma yopanda woimva. Taitanapo, natiyankha anthu a ku South Africa ndi ku Ulaya, koma a m'maboma oyandikana nafe ngowerengeka. Madzi akadzasefukiranso, sitidzafuna munthu wa ku London. Tidzafuna wa ku Nsanje, wa ku Zomba, wa pafupi ndi chipatala. Chifukwa chake tipempha mipingo ya m'mapresbiterio ena kuti ipeze achinyamata awiri kapena atatu ofuna kuphunzira, ndi makolo olola kuwalipirira chiphaso. Lole siifunika kwa onse. Wailesi, batire ndi waya zikwana pa njinga. Ofuna kudzaona atipeza Loweruka masana, pamene ana amayeseza kumanga waya ndi kumasula mvula isanayambe.