Mivi iwiri yothamangitsana

Pa nthawi ya Theba, munthu wobwera ku migodi ya ku Joni ankadziwika ndi njinga, wailesi ndi wotchi yapamkono. Amalume anga anabwera nazo zonse zitatu. Wotchi yawo inalibe batire. M'mawa uliwonse ankapotokola kachitsulo ka m'mbali kuti isaime, ndipo wailesi ya MBC ikanena nthawi, ankaichuna ali duu ngati akupemphera. Ana sitinkaloledwa kuigwira, koma tinkaloledwa kuiyang'ana, ndipo kuyang'anako n'kumene kunatiphunzitsa kuti nthawi ndi mtunda umene mivi iwiri imayenda.

Kusukulu aphunzitsi a masamu ankajambula wotchi pa bolodi ndi choko n'kufunsa kuti: "Mivi yakumana pa 12 koloko. Ikumananso nthawi yanji?" Manja ankakwera kalasi yonse, yankho limodzi: faifi pasiti wanu. Iwo ankangoseka. "Kodi muvi waufupiwo mwaumangirira ndi chingwe?"

Pamenepo m'pamene pagona nkhani. Muvi wautali umazungulira madigiri 360 pa ola, kutanthauza 6 pa mphindi. Waufupi nawo sukhala pansi, umayenda theka la digiri pa mphindi. Choncho wautali ukafika pa 1, mnzake wasuntha kale, ndipo mpata umangochepa ndi madigiri 5.5 pa mphindi iliyonse. Amakumana patadutsa masekondi pafupifupi 27 kuchokera pa 1:05. Pa maola 12 amakumana ka 11, osati ka 12, ndipo pa tsiku lathunthu ka 22. Ngakhale pa kota pasiti filii, pamene diso limati mivi yagundana, pamakhala mpata wa madigiri 7.5.

Tsopano ndimakhala ku Cape Town, m'dziko limene mawotchi aja ankachokera, koma ndikakwera takisi sindiona mkono wovala wotchi ya mivi kupatula wa achikulire. Pa Grand Parade pali City Hall, nyumba ya mu 1905, imene Nelson Mandela analankhulirapo pa 11 February 1990 atangotuluka m'ndende. Pamwamba pake pali wotchi yaikulu yotengera Big Ben ya ku London. Anthu odikira basi pansi pakepo, ambiri mwa iwo a kwathu, akafuna nthawi amapisa m'thumba. Nanenso chimodzimodzi. Ndipo katundu amene abale kumudzi amatipempha masiku ano ndi foni, wotchi palibe amaitchula.

Sindidandaula kwenikweni. Foni sichedwa, siifuna kuchuna, ndipo poti Malawi ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, ndikaimbira amayi sindiwerengera kanthu. Koma pali chimene chinatayika, ndipo ndinachiona mwana wanga wamkazi akulemba homuweki. Funso linali lakuti kuchokera 15:40 kufika 16:10 pali mphindi zingati. Iye anachotsera bwinobwino monga anaphunzirira, n'kupeza 70. Manambala a pa foni sauza mwana kuti ola limathera pa 60. Ife tinkangoona m'maganizo muvi wautali ukuchoka pa 8, kudutsa pa 12, kukaima pa 2: theka la bwalo, mphindi 30, popanda kugwira pensulo. Sukulu zikuphunzitsabe wotchi ya mivi, inde, koma mwanayo amakumana nayo m'buku mokha.

Mzinda uno uli ndi wotchi ina yopanda mivi, yakale kuposa zonsezi. Tsiku lililonse kupatula Lamlungu ndi maholide, mzinga wa pa Signal Hill umawomba 12 koloko masana, mwambo umene unayamba mu 1806 pothandiza amalinyero kuchuna mawotchi a m'zombo. Amalinyerowo ankayang'ana utsi, osadikira kulira, chifukwa phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, kilomita imodzi pa masekondi atatu. Nkhani ya mzingayi mwana wanga anaikonda kuposa ya mivi. Anawerengera yekha kuti munthu amene ali makilomita awiri kuchokera paphiripo amamva mzingawo patapita masekondi 6.

"Ndiye adadi, aliyense mu tauni muno amakhala ndi 12 koloko yakeyake?"

Ndinamuuza kuti akafunse aphunzitsi ake Lolemba.