Mchenga Wokana Madzi

Ntchito yanga ndi yosamalira kapinga kuno ku Cape Town, monga achitira Amalawi anzanga ambiri. Dothi la kuno m'dera la Cape Flats ndi mchenga wokhawokha, ndipo mvula imagwa nyengo yozizira. Kuyambira Novembala mpaka Malichi ndi dzuwa ndi chimphepo cha south-easter basi. Apa m'pamene kapinga amachita zigamba zouma, pambali pake pali pobiriwira bwinobwino.

Eni malo akaona zigambazo amati ndiwonjezere madzi. Ine ndimayamba ndakumba kachibuma, n'kukasiya kaume, kenako n'kudontheza madzi kuyambira pamwamba kutsika kumizu. Dontho likapitirira masekondi 5 lisanalowe, ndiye kuti dothilo likukana madzi. Pena limakhala mphindi zingapo likungonyezimira ngati madzi pa tsamba la koko.

Chimachititsa ndi phula. Mizu ndi masamba zikamawola, komanso bowa akamakula m'dothi, zimasiya phula lopyapyala lomwe limakuta kamchenga kalikonse. Tinthu ta dongo ndi ting'onoting'ono komanso tosawerengeka, phula silingatikute tonse, koma mchenga ndi waukuluukulu, phula lochepa limaumaliza. Mchengawo ukauma gwa, madzi amathawira kumbali kapena amatsika m'tinjira towerengeka, mizu yambiri osalawako n'komwe.

Mankhwala ake pantchito timangoti wetting agent. Ndi apachibale ndi sopo: mbali ina imakakamira phula lija, ina imakoka madzi, motero madzi amafalikira m'dothi monse. Koma sopo wotsukira mbale sindimulola pa kapinga. Amatha kuwotcha udzu, ndipo mphamvu yake sikhalitsa.

Luso lenileni lagona pa nthawi yothirira mankhwalawo. Ndimayamba mu Sepitembala kapena Okutobala, dothi likadali ndi chinyezi cha mvula, chifukwa kuteteza mchenga kuti usaume n'kosavuta kusiyana ndi kuunyowetsanso. Ndimapala kaye udzu wakufa womwe umaunjikana pansi pa kapinga wa kikuyu, ndiboole ndi foloko, ndipope m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndithirire pomwepo kuti mankhwala atsikire kumizu. Muyeso ndimatsata wolembedwa pa chigubu, osapyola, ndipo mitundu yambiri imafuna kubwereza mwezi ndi mwezi.

Phulalo silichoka ayi, mankhwala akatha vuto limabwerera. N'chifukwa chake ndimamwazanso kompositi wosefa ndi dongo pang'ono. Alimi a ku Western Australia, komwe mchenga wotere ndi wochuluka, amamwaza dongo m'minda mwawo pa chifukwa chomwechi.

Mu 2018 mzinda uno udalamula kuti munthu asapyole malita 50 a madzi pa tsiku. Kuyambira pamenepo mtima umandipweteka ndikaona madzi akuyenderera mumsewu kuchokera pa kapinga wouma. Anzanga a m'magadeni, musanatsegule mpopi, kumbani kaye kachibuma muyese dontho.