Odi Mayi, Ndikujambuleni?

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, ena mwa inu mwakhala mukundiona Loweruka m'mawa ndikuzungulira mumsika wa Ulongwe, foni ili m'manja, osagula kanthu. Sindinayambe utolankhani ayi, choko ndikadali nacho. Ndayamba kujambula zithunzi za m'misewu, ndipo palibe amene amandilipira.

Chinandiyambitsa ndi kusowa kwa zithunzi m'banja mwathu. Makolo anga anathawira ku Dedza m'zaka za m'ma 1980 nkhondo itafika povuta, monga anachitira anthu ambiri a kuno ku Angonia. Nthawi imeneyo Malawi anasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni. Wothawa nkhondo amanyamula mwana, mphika ndi bulangeti, basi. Pobwerera kwathu, mtendere utasainidwa pa 4 Okutobala 1992, tinalibe chithunzi n'chimodzi chomwe cha mudzi wakale. Cha malemu bambo anga chilipo chimodzi, cha pachitupa, nkhope ili gwa ngati munthu woyembekeza chigamulo pabwalo la mfumu. Palibe chosonyeza mmene ankamangira matumba a kachewere panjinga, kapena mmene ankasekera mpaka kugwira m'mimba. Ana anga amawadziwa agogo awo ngati munthu waukali, pamene anali munthu wanthabwala.

Choncho ndimajambula zimene anthu amaziona ngati zachabechabe. Ngolo ya ng'ombe yodzaza kabichi ikupikisana ndi njinga yamoto. Mnyamata wowotcha chimanga wakumbatira mbaula m'chisanu cha mu Juni. Amayi akutsitsa madengu a tomato pa chapa, kondakitala akukuwa. Zaka 20 zikubwerazi, zina mwa zimenezi zidzakhala nthano.

Za luso sindichulutsa, ndi zochepa. Pukutani kagalasi ka foni musanayambe, chifukwa thumba la mphunzitsi limakhala ndi fumbi la choko. Dzuwa la masana ndi mdani: limaika mithunzi m'maso, munthu n'kuoneka ngati wadwala mwezi wathunthu. Nthawi yabwino ndi m'mamawa, makamaka nyengo yozizira pamene nkhungu imaphimba phiri la Domwe, kuwala n'kukhala kofewa. Foni ikaona thambo lowala kumbuyo kwa munthu imadetsa china chilichonse, nkhope ya munthu wakuda n'kusanduka khala. Dinani pankhopeyo kuti foni iyeze kuwala kwa pamenepo. Ndipo musakoke chithunzi ndi zala muli patali. Yendani, mufike pafupi.

Pofika pafupipo m'pamene pagona nkhani.

Ojambula ambiri a ku Ulaya ndi ku America amati chithunzi chabwino cha mumsewu ndi chobera, munthu asakudziwa, chifukwa akadziwa amasintha nkhope. Mwina ku Paris zimatheka, kumene wojambula ndi wojambulidwa sadzaonananso. Kuno mayi amene ndingamubere chithunzi ndi azakhali a mwana wa m'kalasi mwanga, ndipo Lamulungu tikhala benchi limodzi. Pakhomo pa munthu sitilowa osaodira. Nkhope ya munthu nayonso ndi pakhomo.

Ndiye ndimaodira. Ndimapereka moni, ndimafunsa za malonda, kenako n'kunena chimene ndabwerera. Ambiri amafunsa funso limodzi: "Mupita nacho kuti?" Funsoli lili ndi mbiri yake. Anthu anaonapo alendo akutsika m'galimoto zoyera, kujambula ana a malaya ong'ambika, n'kupita osatembenuka. Amakhulupirira kuti umphawi wawo unakagulitsidwa kwinakwake, ndipo sindingawatsutse.

Mayi wina wogulitsa anyezi ndi nyemba anandiyankha mondigwetsa ulesi. "Aphunzitsi, mukufuna anthu a pa Facebook andione ndi chitenje chakumundachi? Mubwere Loweruka linalo." Mumtima ndinadandaula, chifukwa kuwala kunali kokongola, ndipo chitenje chothimbiriracho chinkagwirizana ndi dothi lofiira la pamenepo. Koma kukongola kumeneko kunali kwa ine woonerera, osati kwa mwini thupi. Loweruka linalo ndinawapeza atavala chitenje chatsopano ndi duku lake, atakhala chilili ngati pa ukwati. Ndinajambula chimenecho. Kenako ndinakhala pa thumba la nyemba tikucheza, kunabwera wogula wonenerera mtengo, mayi aja n'kuiwala za ine. Chithunzi chachiwiri, ali pakati pa mkangano wa mtengo, dzanja lili m'mwamba, ndicho ndimachikonda. Iwo amakonda choyambacho. Ndinatsukitsa zonse ziwiri, ndipo choyamba ndicho chili pakhoma kunyumba kwawo.

Sindikunena kuti chithunzi chilichonse chiyenera kukhala chokondweretsa. Dziko lathu linali ndi Ricardo Rangel, amene anabadwa mu 1924 n'kumwalira mu 2009. Iye ankayenda ndi kamera m'misewu ya Lourenço Marques usana ndi usiku, ndipo apolisi achinsinsi a atsamunda analetsa ndi kuwononga zithunzi zake zambiri. Mu 1973 anajambula kamnyamata koweta ng'ombe kamene bwana wake anakawotcha pachipumi ndi chitsulo chodindira ng'ombe chifukwa kanataya chiweto. Chithunzicho n'chopweteka kuchiona, koma chinaima ngati mboni ya mwanayo. Funso limene ndimadzifunsa ndi lomwelo: kodi chithunzichi chikuimira mbali ya munthuyu, kapena chikungondikometsera ine tsamba? Mu 1983 Rangel anayambitsa sukulu yophunzitsa kujambula ku Maputo, Centro de Formação Fotográfica. Ndipo kwa inu amene mukuti mulibe kamera, Mário Macilau, amene zithunzi zake zimaonetsedwa m'mayiko akunja lero, anapeza kamera yake yoyamba mu 2007 posinthanitsa ndi foni ya mayi ake. (Ana athu asamve zimenezi.)

Pali malo amene foni imakhala m'thumba. Pachipata cha Calomue ndi pafupi ndi apolisi sindiitulutsa. Pamaliro sindijambula. Gule Wamkulu, ngakhale UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Mozambique, Malawi ndi Zambia, ali ndi eni ake. Gule akatulukira pamsewu ndimapatuka monga aliyense, ndipo pabwalo ndimayamba ndafunsa akuluakulu. Za kudambwe n'zosayamba n'komwe. Ana ndiwo amavuta, chifukwa akangoona foni amathamangira okha, "Tijambuleni! Tijambuleni!" Ndimawajambula, ndimawaonetsa, amaseka, koma nkhope ya mwana wa eni siikwera pa intaneti popanda mawu a kholo lake. Makolo, ngakhale wojambulayo ndi mphunzitsi, muli ndi ufulu wofunsa.

Ndimakondanso zikwangwani zolembedwa pamanja. Pa kagolosale kamodzi mupeza dzina la Chipwitikizi pamwamba, m'munsi chenjezo la ngongole m'Chinyanja, chifukwa mwini wake akufuna wangongole amve bwinobwino, asadzanamizire chilankhulo.

Mwezi wathawu mkulu wina wokonza njinga m'mbali mwa msewu anandikodola yekha. Anati anamva kuti ndimabweza zithunzi. Anakana kusamba m'manja, anakananso kuvula ovolosi yake ya girisi. Anatenga sipanala, n'kugwada pa gudumu monga amachitira masiku onse.

"Mwanawanga, utsukitse zitatu," anatero. "Chimodzi changa, chimodzi cha mwana wanga ali ku Joni, adziwe kuti ndikadali ndi mphamvu. Chachitatu usunge iweyo. Tsiku langa likadzafika, asadzaike cha pachitupa chija."